Mbiri ya chamba cha ku Nkhotakota: zolemba za ulendo wa m'mbali mwa nyanja

Lolemba, Lilongwe mpaka Nkhotakota

Ulendo uno ndi wa m'mbali mwa nyanja: kutsikira ku Salima, kulowera kumpoto mpaka ku Nkhata Bay, kukwera ku Mzuzu, kenako kubwerera kudzera msewu wa M1. Chimene ndikulondola ndi nkhani zimene anthu amakamba za chamba cha kwathu kuno, chimene akunja amachitcha Malawi Gold. Amene anakhalako ku Joni akudziwa kuti ukangonena kuti ndiwe wa ku Malawi, funso lotsatira limakhala la fodya wamkuluyu. Ine sindisuta ndipo sindikupita kukagula. Ndikufuna kumva nkhanizi kumene zinabadwira, ndione kuti zimadyetsa ndani.

Sindinavutike kuyambitsa macheza. Tisanadutse n'komwe pa Chezi, bambo wina wa jekete lachikopa anayamba kusimba za galimoto ya maliro imene akuti inagwidwa pa rodibuloko ya Kaombe. Bokosi linalipo, nkhata zinalipo, amayi ovala zitenje zofanana akuimba nyimbo za chitonthozo analiponso. Wapolisi wina anangodabwa kuti pagulu lonselo panalibe wa maso ofiira. Atalamula kuti atsegule bokosi, munalibe mtembo, munali chamba chotsendereza mpaka pakamwa.

Mayi amene anakhala pafupi nane anatsutsa. Akuti zinachitikira pa Jenda ndipo inali ambulansi. Mnyamata wa kumbuyo anati ayi, ndi pa Zalewa. Aliyense anamva kwa mlamu wake wapolisi.

Nkhani imeneyi siyongopeka yonse. Apolisi amagwiradi chamba chobisidwa m'matumba a makala, pansi pa usipa wouma, m'malole onyamula katundu wina, ndipo zithunzi zake timaziona m'nyuzipepala. Chimene chinandigwira mtima ndi kaseke ka anthu m'minibasimo. Tonse tinali kumbali ya ochenjerawo. Agogo ena amene anali chete njira yonse ndi amene anazimitsa phwetelo. Anafunsa kuti, "Nanga tsiku limene adzatsegule bokosi la mwana wako weniweni pamsewu, anthu akuonerera, udzaseka?" Kondakitala anakweza wailesi.

Pa mlatho wa Chia tinaima pang'ono anthu akugula nsomba pazenera. Ndafika pa boma la Nkhotakota kukuda. Ndadya mpunga wa konkuno ndi chambo chootcha, ndipo magetsi angozima ndikumaliza kulemba izi.

Lachiwiri, Nkhotakota

M'mawa ndinapita kukaona mkuyu umene amati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe mu 1863. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno cha m'ma 1840, ndipo madawu ake ankaolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya la kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa. Mnyamata amene anandiperekeza anati Jumbe yemweyo ndi amene anabweretsa mbewu ya chamba, pamodzi ndi mpunga. Anthu ambiri kuno amakhulupirira choncho, chifukwa chilichonse chachilendo cha makedzana amachikoleka pa Jumbe. Koma chamba ndi chakale kuposa iye. Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, ndipo chinafika kum'mawa kwa Africa ndi malonda a panyanja yamchere zaka mazana angapo Jumbe asanabadwe. Ku Ethiopia anafukula makaliwo a cha m'ma 1300 okhala ndi zotsalira za chamba. Mbewuyo itafika m'mapiri a kuno inakhazikika, alimi n'kumasankha njere za mitengo imene aikonda chaka ndi chaka, mpaka inakhala mtundu wakewake: wautali, wa masamba owonda, wochedwa kukhwima. Palibe wasayansi anaupanga. Anaupanga ndi anthu a m'midzi amene mayina awo sanalembedwe paliponse.

Masana ndinakhala kugombe ndi agogo ena amene amasoka chilimira pansi pa mtengo. Ndinawafunsa za nkhani imene ndaimva kuyambira ndili kusekondale, yoti chamba chenicheni cha kuno amachikwirira pansi pa khola la mbuzi miyezi ingapo, n'kuchifukula chitada bii, ndipo ukangokoka kamodzi umaona mapiri a ku Mozambique ali pafupi poti ungafike wapansi. Ena amati amakwirira kumanda.

Agogowo anaseka mpaka kuika pansi singano. "Mwana wanga, kumanda akatengeko chiyani?" Akuti chimene iwo anaona ndi maso awo ndi mipukutu. Makolo ankamanga chamba m'makungwa ouma a nthochi, n'kukulunga ndi luzi zolimba, kuti chisafufutike paulendo ndiponso chisungike mpaka chaka china. M'katimo chinkachita thukuta, n'kusintha mtundu ndi fungo. Zimenezo n'zoona, ndipo mipukutu yomweyo ndi imene inatchukitsa dzina la Malawi kunja. Za mbuzi ndi manda akuti anawonjezera ndi ogulitsa. "Munthu ukamuuza kuti ichi chagona kumanda, sakunenerera mtengo."

Masiku ano, malinga ndi iwo, ochepa ndi amene ali ndi nthawi yomanga mipukutu. Wogula akufuna matumba, ndipo akufuna lero.

Ndinawafunsanso za alovi. Pali chikhulupiriro chakuti wopita kukatchera usipa usiku, makamaka siginala amene amatsala yekha m'bwato ndi nyali, amafunika kukokako kuti asaope mdima ndi kuzizira, ndiponso kuti mikono isatope pokoka ukonde. Apa nkhope yawo inasintha. Anati mantha ndi amene amabweza munthu kumtunda. Mwera ukayamba, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, msodzi wamantha amaona mitambo n'kukana kulowa m'madzi, pamene wopanda mantha amalowa. Iwo anaikapo m'manda anyamata a mtundu wachiwiriwo, ndipo ena sanapezeke n'komwe kuti aikidwe. "Mwera sufunsa kuti wasuta chiyani."

Ndawasiyira ndalama ya sopo. Anakana kawiri, kachitatu analandira ndi manja awiri.

Lachitatu, Dwangwa

Kuchoka pa boma kulowera kumpoto umaoloka mtsinje wa Bua, uja wotchuka ndi mpasa, ndipo kumanzere kumakhala nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ukayandikira Dwangwa dziko limasanduka nzimbe zokhazokha. Koma maso anga anali kumapiri a kumadzulo, kulowera kumalire ndi Mzimba, kumene kuli Lupachi. Dzina limeneli limamveka kawirikawiri apolisi akamalengeza kuti azula ndi kutentha minda ya chamba.

Za ku Lupachi ndamva zambiri lero, zonse kwa anthu amene sanapondeko. Akuti mitengo ya chamba imatalika kuposa denga la tchalitchi. Akuti minda ndi yotsirika, wapolisi akalowamo amangozungulira malo amodzi mpaka dzuwa kulowa. Akuti palibe amene amadzala, mbalame ndi zimene zimafesa. Akuti kuli anthu a m'nyumba zaudzu amene amasunga ndalama m'mitsuko, zochuluka zoti angagule Dwangwa yense.

Amene anandiyankha mosiyana ndi wakabaza wa njinga yamoto amene anandinyamula kupita kumsika. Titazolowerana, anandiuza kuti ali mnyamata ankasenza katunduyo kuchokera kumapiri. Tinakhala pa benchi ya mayi wogulitsa thobwa, iye akuyankhula motsitsa mawu.

Ulendo unkakhala wa usiku, thumba pamutu, kudutsa m'tchire popanda tochi, kuoloka mitsinje, mpaka pamalo amene galimoto inkadikira. Wosenza sankadziwa dzina la mwini katundu ndipo sankafunsa. Malipiro ake anali a ganyu wamba. Za mitsuko ya ndalama anangopukusa mutu. "Achimwene, mukanaona nyumba za kumeneko simukanafunsa." Akuti wogula wa ku tauni amabwera mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi ya njala, chamba chikadali m'munda, n'kusiya chimanga, mchere, sopo kapena ndalama pang'ono. Pokolola amabwera kudzatenga zake pa mtengo umene ananena yekha. Akakubera sungapite kwa amfumu, sungapite kupolisi. Thumba lomwelo likafika ku Lilongwe mtengo wakwera, likaoloka malire wakweranso, likafika ku Joni ndiye osanena. Mlimi amamva za mitengo imeneyo ngati mmene ife timamvera za manda ndi mbuzi.

Ndinamufunsa chifukwa chimene salimira fodya wamba kapena chimanga chogulitsa. Anandiwerengera pa zala. Fodya amafuna feteleza, chigafa, kontirakiti ndi galimoto yopita ku okushoni. Chimanga n'cholemera ndipo msewu kulibe, mvula ikagwa ngakhale njinga siidutsa. Chamba n'chopepuka, sichiwola msanga, ndipo wogula amakupeza pakhomo. Mwana akadwala usiku ndi chimene chimalipira omunyamula kupita kuchipatala. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero.

Nkhani ya kutsirika minda akuti alimi eniake saitsutsa, chifukwa imawathandiza. Anthu akamaopa kukwera kumapiri, akuba amachepa. Nawonso akutauni imawakomera, chifukwa katundu wochokera kumalo oopsa amagulitsidwa modula. Koma apolisi akabwera ndi zikwanje, palibe chithumwa chinawabwezapo.

Iye anasiya ntchitoyi pamene mnzake anagwidwa n'kukakhala kundende. Apa ndinakumbukira mlandu wa mu 2022, pamene mnyamata wina wa ku Blantyre anapatsidwa zaka 8 chifukwa chopezeka ndi chamba, pomwe bwana wina wa kampani yaikulu amene anapezeka akulima chamba kunyumba kwake anangolipira chindapusa. Anthu anakwiya mpaka kuchita zionetsero, ndipo khoti lalikulu linadzachepetsa chilangocho. Wakabazayo ankaudziwa mlanduwu kuposa ine. Anati onse amene anasenzapo thumba anautsatira pa wailesi tsiku ndi tsiku.

Usiku uno sindikupeza tulo. Dzina loti golide likundiwawa ndikaganiza za munthu amene wagulitsa munda wake wonse ndi ndowa za chimanga mu Febuluwale.

Lachinayi, Dwangwa mpaka Chintheche

Tsiku la msewu. Dwambazi, Tukombo, Kande, nyanja ikungoonekera ndi kubisala kumanja. Chitonga chayamba kumveka m'minibasi, ndipo nkhomaliro yanga inali kondowole ndi batala.

Nkhani ya lero inachokera kwa mayi amene ananyamula nkhuku ziwiri m'dengu. Akuti chitopa chikalowa m'mudzi, amathira masamba a chamba m'madzi akumwa nkhuku ndipo zina zimapulumuka. Wina anawonjeza kuti mafuta a njere zake amameretsa tsitsi. Zonsezi ndinangomvetsera. Chitopa ndi matenda a kachilombo, ndipo pamliri uliwonse pamakhala nkhuku zingapo zopulumuka zokha, kaya zamwa chiyani. Chimene chimateteza ndi katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso, amene alangizi a ziweto amayenda naye m'midzi.

Koma mayiyo atanena kuti kwawo amasambitsanso ana odwala chikuku ndi madzi a chamba, sindinathe kukhala chete. Ndinati, "Mayi, nkhuku ikafa mugula ina, koma mwana wa chikuku muthamange naye kuchipatala." Chikuku chimapha ndiponso chimachititsa khungu, ndipo katemera wake amaperekedwa ulere kusikelo mwana akakwana miyezi 9 ndi 15. Anayankha mwaulemu kuti ana ake onse anabayitsa, zosambitsazo amachita ndi apongozi awo. Tinasiyana bwino pa Chintheche.

Lachisanu, Nkhata Bay

Tauni ino yakhala pamapiri otsetserekera kudoko kumene imakocheza Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ndi kuno kumene nthano yotchuka kwambiri ya Malawi Gold imakhala: ya mzungu amene anabwera kudzacheza sabata imodzi, n'kulawa, n'kuiwala kwawo. Anyamata ogulitsa ziboliboli andiuza nthanoyi mosiyanasiyana. Wina akuti anali wa ku Germany ndipo anaponya pasipoti m'nyanja. Wina akuti anali wa ku Australia, makolo ake anachita kutumiza anthu kudzamutenga. Wachitatu anandilozera phiri n'kunena kuti akadali komweko, ali ndi ana ndi zidzukulu, Chitonga amayankhula kuposa Atonga.

Azungu amene anabwera ngati alendo n'kukhazikika alipodi, kuno ndi ku Cape Maclear. Ambiri anatsegula malo ogona alendo, ena anakwatira kapena kukwatiwa konkuno. Munthu woyendetsa bizinesi, wolipira antchito mwezi ndi mwezi, sangakhale woiwala dzina lake. Nyanja yokhayi ndi yokwanira kumugwira munthu mwendo. Koma nthanoyi ili ndi ntchito yake. Mnyamata mmodzi anandiuza mosabisa kuti mlendo akamva zimenezi chidwi chimamugwira, ndipo zotsatira zake ndi malonda. Sananene kuti mlendoyo akagwidwa amalipira chindapusa n'kukwera ndege, pamene womugulitsayo amatsala ndi mlandu.

Alendo a masiku akale ankati Malawi ndi dziko la zinthu zitatu: chambo, Chombe ndi chamba. Tiyi wa Chombe minda yake inali m'boma lomwe lino. Pa zitatuzi, chachitatu ndi chimene chinayenda kutali kwambiri popanda kulengezedwa pa wailesi. Lero ku Netherlands ndi ku Spain kuli makampani ogulitsa njere za chamba zolembedwa dzina la Malawi, m'timapaketi tokongola, pa mtengo wa ma euro. Njerezo makolo ake anachokera m'mapiri amene ndinawaona Lachitatu. Anthu anabwera, anatola, anapita, ndipo palibe tambala imene inabwerera kwa amene anasunga mbewuyo mibadwo yonseyi. Ichi chokha si mphekesera, aliyense wokhala ndi intaneti angathe kuona.

Za mawu akuti chamba chathu ndi champhamvu kuposa china chilichonse padziko, amene ndawamva pafupifupi tsiku lililonse paulendowu: mphamvu ya chamba imachokera ku mankhwala otchedwa THC, ndipo cha kuno chimadziwikadi kuti chili nawo ambiri poyerekeza ndi mitundu ina yachikale. Koma ku Ulaya ndi ku America akhala akukweranitsa mitundu n'kumailima m'nyumba ndi magetsi, ndipo ina imapitirira 20 peresenti. Ndiponso munda wodzala njere sutulutsa mitengo yofanana, wina umakhala waukali, wina wozizira. Wogula pamsewu sadziwa chimene wapatsidwa. Kunyadira kuti chathu n'choposa kumangolimbikitsa mnyamata wa fomu 2 kuti ayese.

Madzulo ndinacheza ndi Rasta wina wachikulire amene amasoka nsapato pafupi ndi msika. Iye sakondwa ndi nthano za azungu openga. Kwa iye chamba ndi chopatulika, chogwiritsa ntchito popemphera, ndipo amadana ndi kuona ana akuchisakaniza ndi mowa wa m'masacheti ndi mapiritsi. Anandikumbutsa kuti mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linalamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, ndipo akuyembekeza kuti tsiku lina chipembedzo chawo chidzamvedwanso pa nkhani ya chamba. Sitinagwirizane pa zonse, koma pa nkhani ya ana tinali amodzi.

Loweruka, Mzuzu

Msewu wokwera kuno umadutsa m'minda ya mitengo ya labala, anyamata akugulitsa mipira yopanga okha m'mbali mwa msewu. Kuzizira kwandilandira. Ndafikira kwa azakhali anga.

Atamva za ulendo wanga, azakhaliwo anaitana mnzawo wa kumpingo kuti adzandiuze yekha. Mayiyo anabwera, anakhala pamkeka, ndipo anayamba ndi kunena kuti mwana wawo anali wanzeru. Anayamba kusuta ali kusekondale chifukwa anzake anamuuza kuti kanundu amatsegula mutu, ukasuta umawerenga usiku wonse ndipo masamu amangolowa okha. Poyamba ankawerengadi usiku wonse. Kenako anasiya kugona. Kenako anayamba kunena kuti wailesi ikukamba za iye, ndipo anakana kudya nsima yophika mayi ake poopa kuti muli poizoni.

Abale anagawikana. Ena anati walodzedwa chifukwa cha nsanje ya maphunziro, ndipo anapita naye kwa asing'anga awiri. Ena anati anasuta chosakaniza ndi njere, pakuti pali mphekesera yoti njere ndi zimene zimapengetsa. Amalume ake anati wasuta cha ku Nkhotakota chenicheni, ndipo wosuta chimenecho sachira, kuli bwino kungomumanga. Miyezi inapita akukangana. Mapeto ake mayiyo anamutenga okha kupita naye ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo cha konkuno ku Mzuzu. Lero mnyamatayo akumwa mankhwala, wasiya kusuta, ndipo akuphunzira ukalipentala. "Akanandimvera kale akuluakulu aja," anatero mayiyo, "mwana wanga sakanavutika nthawi yonse ija."

Pa mphekesera zonse zimene ndamva sabata ino, ziwirizi ndi zimene zimawononga kwambiri, ndipo zimayendera limodzi ngakhale zikuoneka zotsutsana. Yoyamba imati chamba chimapatsa nzeru, ndiye mwana amayamba. Yachiwiri imati wopenga ndi chamba sachira, ndiye banja silipita kuchipatala. Zoona zake n'zakuti si aliyense wosuta amadwala misala, ndipo n'chifukwa chake anyamata amalozerana mdala amene wasuta moyo wake wonse ali bwinobwino. Koma chiopsezo chimakula kwa woyamba ali wamng'ono, wosuta tsiku ndi tsiku, wosuta champhamvu, ndiponso amene kubanja kwawo kuli kale matendawa. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2019, wochitikira m'mizinda ingapo ya ku Ulaya ndi ku Brazil, anapeza kuti osuta chamba champhamvu tsiku lililonse anali pachiopsezo chodwala misala pafupifupi kasanu kuposa amene sanasutepo. Njere zilibe mlandu, mphamvu ili m'maluwa. Za nzeru, chamba chimasokoneza kukumbukira zimene wangowerenga kumene, choncho usiku wonse uja umapita pachabe.

Ndipo matendawa amachizika. Kupatula kuno, kuli chipatala cha boma ku Zomba, ndipo m'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino a matenda a maganizo. Vuto ndi lakuti ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo, ndipo mawu oti "akupita ku Zomba" tinawasandutsa chitonzo.

Mayiyo pochoka anandipempha kuti ndilembe zoti mwana wawo anachira, chifukwa kwawo anthu amangokamba za kudwala kwake.

Lamulungu, Mzuzu mpaka Lilongwe

Basi yanyamuka m'bandakucha. Ku Chikangawa kunali nkhungu, ndipo malo ambiri amene kale anali paini wokhayokha ndi zitsa. Pa Jenda anatitsitsa tonse, apolisi n'kulowa kukagwiragwira zikwama. Titakweranso, mnyamata amene anakhala nane anadandaula kuti akutivutitsa chabe, "chamba anachiloleza kale mu 2020."

Iyi ndi mphekesera yatsopano kuposa zonse, ndipo ikumangitsa anthu. Nkhani yololeza inayamba kale. Mu 2000, Joe Manduwa, amene anali wachiwiri kwa nduna ya zaulimi, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti iganizire zololeza mbewuyi. Patapita zaka, phungu wa ku Ntchisi, Boniface Kadzamira, anaidzutsanso, aphungu anzake akumuseka, ndipo kumalo ofufuzira zaulimi a Chitedze anayamba kuyesa mitundu ya chamba cha mafakitale. Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, n'kukhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso. Cha mafakitalecho THC wake sayenera kupitirira 1 peresenti, sichiledzeretsa, ntchito yake ndi mafuta, nsalu ndi zingwe. Kusuta sikunaloledwe. Kulima kapena kunyamula popanda chiphaso ndi mlandu mpaka lero. Mu Malichi 2024 aphungu anavomerezanso bilu ya phungu Peter Dimba yoti chamba chathu chakomweko chizilimidwa ndi ziphaso, koma nayonso sinali yololeza kusuta. Chimene chimasokoneza anthu ena ndi cha ku South Africa, kumene khoti linalola mu 2018 kuti munthu wamkulu azisuta kunyumba kwake. Obwera kuchokera ku Joni amafika ndi nkhaniyo ngati kuti ndi ya kunonso.

Ndinamufotokozera mnyamatayo zonsezi. Sanakhulupirire mpaka bambo wina wa mpando wakutsogolo, amene anati ndi mphunzitsi, anavomereza. Kenako nkhani inakhotera kwa Mike Tyson, katswiri wakale wa nkhonya wa ku America. Wina anati anabwera mwachinsinsi n'kugula phiri lonse ku Nkhotakota. Chimene chinachitikadi n'chakuti mu Novembala 2021, nduna ya zaulimi ya nthawiyo, Lobin Lowe, inamulembera kalata yomupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, ndipo mabungwe ena anatsutsa chifukwa cha mlandu wogwirira umene Tyson anamangidwa nawo mu 1992. Za phiri zija ndi zowonjezera za m'basi.

Titadutsa Kasungu, pafupi ndi msika wa fodya wa Chinkhoma, ndinkayang'ana zigafa m'mbali mwa msewu. Chifukwa chachikulu chimene boma linatembenukira ku chamba ndi chakuti fodya, amene wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja, msika wake padziko ukucheperachepera. Maganizowo ndi omveka. Koma mitengo ya ziphaso imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 a ku America pa chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha mafakitale. Mlimi wa ku Lupachi amene amasinthanitsa munda wake ndi chimanga sangaione ndalama imeneyo ngakhale atagwirizana mudzi wonse. Alimi ena amene analowa m'makopaletivi n'kusonkha ndalama zawo akhala akudandaula m'nyuzipepala kuti msika umene analonjezedwa sunaoneke. Choncho amene akudziwa mbewuyi kuposa wina aliyense akadali othawa apolisi, pamene chiphaso chili ndi amene anaiphunzira dzulo.

Mphunzitsi uja anandifunsa ngati ndikufuna kuti chiloledwe kapena ayi. Ndinamuyankha kuti ndikufuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: mlimi wa kumapiri akhale ndi njira yolowera m'malonda ovomerezeka pa mtengo umene angakwanitse, ndipo mwana wa sukulu auzidwe zoona za chimene chingachitike m'mutu mwake, ndi anamwino okwanira omulandira zikavuta. Anati zimenezo n'zovuta kuziphatikiza. Tinakambirana mpaka pa Lumbadzi osamaliza.

Tafika mu Lilongwe chakumadzulo. Mawa ndikalemba kalata ku Cannabis Regulatory Authority yofunsa kuti mwa ziphaso zimene aperekapo, ndi zingati zimene zili m'manja mwa alimi ang'onoang'ono a ku Nkhotakota, Mzimba ndi Nkhata Bay, ndipo akandiyankha ndidzakuuzani.